Mabuku Awiri Amene Ndinasoka Mosemphanitsa

Amuna anga sankamwa mowa, ndipo analipo masiku amene ndinkalakalaka akanakhala chidakwa ngati amuna a anzanga. Woledzera umadziwa kumene ali. Ukhoza kumulondola ku bala, kuima pakhomo, kumuyalutsa anthu akuona, n'kubwera naye kunyumba akudzandira. Anga ankachoka ali pampando pomwepo. Thupi lili pakhonde, mapazi ali m'beseni, koma munthu palibe.

Tinkakhala ku Kabwata, m'nyumba ya kanselo ya zipinda ziwiri. Iwo anali kalaliki mu ofesi ina ya boma m'tauni, ndipo ankapita pa njinga. Ine sukulu sindinaipondeko ngakhale tsiku limodzi. Koma pakamwa Mulungu sanandimane. Kwathu kum'mawa ndikayamba kusimba za munthu amene waterereka ndi mtsuko pamutu, atsikana ankasiya kusinja. Amuna angawa anandikwatira chifukwa cha chomwecho, ndipo anachita kunena okha pamaso pa ankhoswe kuti nkhope zilipo zambiri, koma uyu akakhala m'nyumba palibe chogulira wailesi.

Ndiye titabwera ku Lusaka tinali ndi nthawi yathu. Akaweruka, cha m'ma faifi, ankatsamiritsa njinga pa mtengo wa gwafa n'kuvula nsapato, ine n'kubwera ndi madzi ofunda m'beseni chifukwa mapazi awo ankatupa. Akangoviika mapazi, funso linali limodzi lokha: "Amake mwana, kwagwanji lero?" Apo ine n'kuyamba. Ndinkawatengera zonse za kumpopi, amene wamenyana ndi mnzake chifukwa cha chidebe, amene wagula nsapato zazitali n'kulephera kuwoloka ngalande. Ndinkaimirira n'kuwaonetsa mmene atcheyamani a m'dera lathu ankayendera, mimba patsogolo, ngati akunyamula ng'oma ya eni. Ankaseka mpaka madzi kutayikira pansi. Ola limenelo, kuyambira pamene njinga yatsamira mpaka dzuwa kubisala kuseri kwa nyumba za ku Kamwala, linali langa. M'tauni munda ndinalibe, mbuzi ndinalibe. Ndinali ndi ola limenelo.

Mabuku analowa m'nyumba pa keriyala ya njinga. Mzungu wina wa ku Woodlands amene ankagwira nawo ntchito anali kubwerera kwawo, monga ankachitira ambiri zaka zimenezo ufulu utabwera. Ena ankasiyira anthu mafiriji, ena agalu. Uyu anasiyira amuna anga makatoni awiri. Anayenda maulendo awiri, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala ngati apatsidwa ng'ombe ya mkaka. Ine ndinathamangira kutsegula ndikuyesa muli mbale.

Poyamba sizinandipweteke. Ankawerenga Loweruka masana ndi Lamulungu tikabwera ku tchalitchi, ola langa osalikhudza. Ndinafika powadziwa mabukuwo ndi nkhope, ngati nkhuku: la mkazi wa diresi yofiira, la ndege yoyaka, la galu wakuda, lina lopanda chithunzi limene linkanunkha fodya. Ndipo amene ankawasunga ndi moyo ndinali ine. Anali mabuku a zikuto zofewa, akale, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kukafika, zomatira zake zinkauma, masamba n'kumayoyoka ngati a mtengo. Tsiku lina ndinawaona bambowo akuthamangitsa tsamba limene mphepo inaulutsira kwa aneba, ndipo ndinamva chisoni. Ndinatenga msomali ndi mwala, n'kuboola mabowo anayi m'mbali mwa msana wa buku. Ulusi ndinasolola pakamwa pa thumba la ufa, singano ndinatenga ija yaikulu yosokera matumba. Nditasoka ndinaphika kaphala ka ufa wa chinangwa, n'kumata pamsana pake pepala la thumba la simenti. Nditalitsendereza pansi pa mtondo usiku umodzi, linatuluka lolimba kuposa mmene linabadwira.

Iwo ankandisanjira masamba okha, n'kundipatsa ndi manja awiri ngati akupatsa mwana mazira. "Musasokoneze, amake mwana, agwireni chonchi." Ine sindinawauze kuti manambala ndimawadziwa. Munthu amene amakwera basi ndi kugula pamsika sangawaphonye manambala, ndipo ndinali nditaona kalekale kuti pakona pa tsamba lililonse pali nambala yotsatana ndi inzake. Ndinkangoti chabwino bambo. Mwamuna akakondwa kuti akukuthandiza, umamusiya.

Zaka zinapita, zinthu zinayamba kusowa. Saladi, mafuta ophikira aja, wa pamzere, sopo wa pamzere, ndipo mabuku nawo m'masitolo a mu Cairo Road anatha. Anthu a ku ofesi anayamba kubwerekana amene anali nawo, ndipo akang'ambika ankawatumiza kwa ine. Amuna anga ankanyadira. Ine ndinkanyadiranso, sindinama.

Kenako kunabwera mng'ono wanga.

Ameneyu ndi chitsiriza m'mimba mwa amayi, ndipo anakulira pamsana panga. Chaka chimene aphunzitsi a ku mishoni anayenda m'midzi kulemba maina a ana, anandipeza pabwalo nditamubereka. Atate anangoti uyu ali nayo kale ntchito, lembani ena. Iye nthawi yake itakwana anamulemba, anaphunzira mpaka sekondale, ndipo tsopano anabwera ku Lusaka kudzaphunzira kutaipa. Kukakhala kwina kuti, mkulu wake ndili pompano? Ndinamuyalira pabalaza pamodzi ndi ana.

Tsiku lofika, amuna anga anaimirira pakhomo manja ali m'mwamba. "Eee, mkazi wanga wamng'ono wafika! Amake mwana, pakirani katundu, nthawi yanu yatha."

"Alamu, ine nkhalamba sindizifuna," anatero iye akugwada.

Tonse tinaseka. Ndi chilamu chimenecho, ndi mwambo wathu. Inenso mng'ono wawo wa bambowa ndinkamutcha mwamuna wanga, ndi kumulanda chipewa. Palibe amene amakwiya nazo, ndipo ukakwiya anthu amaseka iwe.

Tsiku lachitatu akusesa anapeza makatoni kunsi kwa bedi. Ndinamumva akukuwa ngati waona njoka. Madzulo ake njinga isanatsamire n'komwe, anali atafunsa kale.

"Alamu, onsewa ndi anu?"

"Ndi athu, mkazi wanga. Tenga limene ukufuna."

Athu. Ine ndinali nditawasoka zaka zonsezo, ndipo sanandiuzepo kuti ndi athu.

Kuyambira pamenepo madzi ndinkabweretsabe ine, koma funso linasintha mwini. Akaviika mapazi ankatembenukira kwa iye. "Wafika pati?" Iye n'kuti, "Pamene wapeza kalata m'thumba la jekete." Iwo n'kuwomba m'manja, "Aaa, ndiye sunaone kanthu, dikira ufike pa sitima." Iye n'kutseka makutu, "Musandiuze, ba mulamu, musandiuze!" Anali atayamba kale kunena ba mulamu ngati wobadwira m'tauni, mwezi usanathe. Ankakamba za anthu amene ine sindinawaonepo ngati akukamba za aneba, uyu ndi wabodza, uja ndi wamantha, theka Chinyanja theka Chizungu. Ine ndili pamphasa pambali ndikusankha nyemba.

Buku likakoma kwambiri moti wina sangadikire mnzake, ankaling'amba pamsana, pawiri kapena patatu. Bambo amayamba chigawo choyamba, akamaliza n'kumupatsira iye, iwo n'kutenga chachiwiri. Ndinaona ndi maso anga akung'amba buku limene ndinalisoka ine, ulusi wanga ukuduka. "Palibe kanthu," anatero, "amake mwana asokanso."

Ndinkayesa kulowerera. Tsiku lina ndinabwera ndi nkhani yabwino zedi, ndinaisunga kuyambira m'mawa ngati nyama. Ndinati, "Bambo, lero pamzere wa saladi mayi wina anakomoka. Tamuthira madzi, tamupepesa ndi chitenje. Kutsegula maso, mawu oyamba akuti, ndinali kumbuyo kwa wa duku lobiriwira." Nkhani imeneyo kale ikanawagwetsa pampando. Anangoti, "Eee? Pepani," maso ali pa tsamba. Mng'ono wanga anaseka pang'ono, kuseka kwa ulemu, n'kubwerera kwake.

Ndinapita kwa mayi wina wachikulire wa ku mpingo kwathu, mkazi wa mkulu wa mpingo, amene ankalangiza mabanja. Anandikhazika pampando n'kuyamba kufunsa.

"Akukumenya?"

"Iyayi, amayi."

"Malipiro akubisa?"

"Amabweretsa onse."

"Nanga ndi mng'ono wakoyo, wawaona atagwirana, kapena atatsekerana m'chipinda?"

"Iyayi."

"Tsono amachita chiyani?"

"Amawerenga."

Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya duku. "Mwana wanga, pita ukagwade uthokoze. Akazi a mu Kabwata muno akanamva dandaulo lakoli akanakuponya miyala."

Ndipo ankanena zoona, pakati pawo panalibe kanthu. Ndinafufuza, musaganize kuti sindinafufuze. Ndinkanamizira kupita kumpopi n'kubwerera mwadzidzidzi opanda phokoso. Ndinkawapeza mmene ndinawasiyira, wina pampando, wina pa sitepe, aliyense mutu uli pansi ngati nkhuku zojompha. Chikanakhala chigololo ndikanadziwa poyambira. Pali ankhoswe a zimenezo, pali mawu ake. Koma ukapita kwa ankhoswe kukanena kuti mwamuna wanga ndi mng'ono wanga amapita limodzi kumalo kumene ine sindingafike, ali khale pakhonde panga, adzakuyankha chiyani?

Linalipo buku lina lonenepa, pachikuto pali nyumba yoyera m'mbali mwa madzi. Limeneli linawagwira onse awiri koopsa, ndipo ine, posankha nyemba, ndinalimva lonse ndi makutu. Munali mayi wamasiye amene mwamuna wake anamusiyira nyumba yogona alendo. Amuna awiri ankamufuna, wina dokotala, wina mwini ngalawa. Amuna anga anali kumbali ya dokotala, ati ndi munthu wokhazikika. Mng'ono wanga anali kwa wa ngalawa, ati dokotalayo ndi wouma ngati chikuni. Anakangana mlungu wathunthu. Ine ndinali ndi maganizo anga, koma palibe anandifunsa. Tsiku lina anangotuluka okha pakamwa.

"Ameneyo asakwatiwe. Onse awiriwo akufuna nyumbayo."

Bambowo anaphulika ndi kuseka. "Wamva, mkazi wanga? Amake mwana nawonso awerenga!" Iyenso anaseka, atagwira pakamwa. Sanaseke mwachipongwe, ndikudziwa. Koma ine ndinamva ngati wina wandiika khala la moto m'chikhatho n'kundifumbatitsa.

Bukulo anali ataling'amba patatu. Anapangana kuti chigawo chomaliza asachikhudze aliyense mpaka Lamulungu, adzawerenge pamodzi mokweza, kuti wolephera aonekere pomwepo. Koma masamba anali atayamba kuyoyoka, ndiye Lachisanu m'mawa bambo anandisanjira zigawo zitatuzo, n'kuika pambali pake buku lina limene linkadikiranso singano. Limenelo linali la mnzawo wa ku ofesi, la asilikali othawa m'ndende kudziko lozizira. Kukula kwake chimodzimodzi, mtundu wa pepala chimodzimodzi.

Onse atachoka, ana atapita kusukulu, ndinakhala pakhonde ndi mabuku awiriwo. Sindinganene kuti Satana anandinyenga, ndinali ndekha ndi nzeru zanga zonse. Ndinatenga mathero a mayi wamasiye n'kuwaika kwa asilikali, mathero a asilikali n'kuwaika kwa mayi wamasiye. Ndinaboola, ndinasoka, ndinamata. Sindinasokepo bwino ngati tsiku limenelo. Mfundo zake ndinazimanga kawirikawiri, ndi kuzikoka ndi mano.

Loweruka lonse ndinkakonza mayankho. Ndinkadziwa kuti akalipa, ndipo ndinkafuna akalipe. Akati chifukwa chiyani, ine ndidzati chakuti. Akati wandichititsa manyazi, ine ndidzati nanga ine. Ndinawasanja mawu anga bwinobwino, oyamba, achiwiri, ndi omaliza olasa.

Lamulungu titabwera ku tchalitchi n'kudya, anatulutsa benchi n'kuliika pansi pa gwafa. Anakhala onse awiri pa benchi limodzi, buku lili pakati. Ine pamphasa, lichero pamiyendo. Mng'ono wanga anayamba kuwerenga tsamba lomaliza la chigawo chachiwiri kuti akumbukire pamene anasiyira, akumasulira pang'onopang'ono mwa chizolowezi chake. Mayi uja waima pawindo, amuna onse awiri ali panja, mvula ikugwa. Mng'ono wanga ananyambita chala, n'kutembenuza tsamba.

Anaima. Anabwerera m'mbuyo, n'kupitanso kutsogolo.

"Ba mulamu, mayi uja wapita kuti? Muno muli amuna atatu akuphika lamba wa thalauza."

Bambo analanda bukulo, kuyang'ana uku, kuyang'ana uku, kulitembenuza kuona msana. Ndinaona nkhope yawo ikuzindikira. Ndinaika lichero bwino kuti ndiimirire. Koma iwo anangopumira m'mwamba, n'kumwetulira, n'kunena kanthu kena motsitsa m'Chizungu. Mng'ono wanga anawagwira dzanja la malaya.

"Musatero, alamu. Si kulakwa kwawo. Kwa iwo onse ndi ofanana."

Ndiye bambowo anatembenukira kwa ine ndi mawu ofewa, aja amene ankalankhulira mwana akadwala malungo. "Amake mwana, musadandaule. Mwasokoneza pang'ono chabe. Mlandu ndi wanga, ndinaika mabuku awiri pamodzi. Inu mukanadziwa bwanji?"

Mawu onse amene ndinawasanja Loweruka anathawa. Ndinakonzekera ndewu, iwo anandipatsa chisoni. Ndinali nditawachitira choipa ndi manja anga, mwadala, ndipo ngakhale choipacho anakana kuti ndi changa.

Lichero linagwa, nyemba mbwee pabwalo ponse.

"Ndachita dala."

"Iyayi, amake mwana, musadziimbe mlandu."

"Ndati ndachita dala!" Ndinawatsomphola bukulo, ndinatsegula pamene panali msoko, ndinaloza pakona n'kuwatchulira nambala ya kumanzere, kenako ya kumanja, mokweza, kuti amve kuti sizitsatana ndipo ine ndikudziwa kuti sizitsatana. "Zaka zonsezi mumati mukundisanjira? Kangati ndakukonzerani masamba amene munasanja chadodolido, ine osanena?"

Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma pakamwa pamene anandikwatira napo ndi pomwepo, sipadziwa kuima. Ndinatembenukira kwa mng'ono wanga.

"Ndipo iwe, zilembo ukunyada nazozo ndi zanga. Tsiku limene aphunzitsi anabwera kudzalemba maina, ine ndinali ndi iwe kumbuyo ukundikodzera. Unadya sukulu yanga, ndinakhala chete. Tsopano wabwera kudzadya ndi kanthawi kamodzi kamene ndinali nako m'nyumba muno."

"Akulu..."

"Usanditi akulu!"

"Amake mwana, anthu akumva," anatero bambo. Zoonadi, mitu inali itatulukira kale pamwamba pa mpanda wa aneba.

Mng'ono wanga misozi inali ikutsika, koma sanakweze mawu. Anati, "Mukanangonena, akulu. Ine ndikanakuphunzitsani."

"Kundiphunzitsa! Iwe amene ndinakuphunzitsa kupukuta mamina?"

Iye anagwada n'kuyamba kutola nyemba imodziimodzi, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa, moti ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Mlungu womwewo mng'ono wanga anapeza malo kwa mnzake wa kusukulu ya kutaipa, amene ankachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Chelstone. Sindinamuthamangitse, koma sindinamuletse. Bambo anamunyamulira sutikesi pa njinga mpaka pokwerera basi. Atabwera sanandinene kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anali munthu wotero. Ine ndinaphwasula mabuku awiri aja, ndinabwezera mathero kwa eni ake, ndinasokanso, n'kuwaika pampando wawo.

Ndinali nditapambana. Madzulo otsatira anatsamiritsa njinga, anaviika mapazi, anatsegula buku. Kenako ngati akumbukira ngongole ya ulemu, analitseka, koma chala chimodzi anachisiya m'kati pamene anafika. Analiika pabondo n'kuti, "Kambani, amake mwana. Ndikumva."

Ndinakamba. Ankagwedeza mutu pamalo pake, ankati eee pamalo pake. Koma ine maso anga anali pa chala chija. Munthu amene chala chake chili m'buku ali ngati mlendo amene wakhala pansi koma chipewa sanavule. Ndinkafika pakati pa nkhani n'kuona chala chikusuntha pang'ono, ngati chikufunsa kuti atha liti ameneyu. Nkhani zanga zinayamba kufupika zokha. Zina ndinkazitaya panjira pochokera kumpopi.

Ndipo panali china chimene sindinachiyembekezere. Pakhomo panati zii, ndipo ine ndinayamba kumusowa mayi wamasiye uja. Ndinamusiya ali pawindo, mvula ikugwa. Ndikuchapa ndinkamuganiza. Ndinapirira milungu iwiri, kenako ndinameza manyazi.

"Bambo, mayi wa nyumba ya alendo uja anakwatiwa ndi ndani?"

"Ndi wa ngalawa."

"Basi?"

"Basi."

"Nanga dokotala anati chiyani?"

"Anachoka."

Buku lonenepa ngati njerwa, munthu n'kukupatsa mawu atatu! Apo m'pamene ndinazindikira kuti amuna anga ankadziwa kudya nkhani koma osadziwa kugawa. Zonse zimene ndinkamva ndili pamphasa, mawu a dokotala, kayendedwe ka wa ngalawa, zinkatuluka mwa mng'ono wanga. Ndinali nditathamangitsa wondiwerengera ndisakudziwa kuti ndili naye.

Mvula inabwera, inapita. Nthawi yokolola, amayi anatumiza thumba la mtedza ndi munthu wa kwathu, ndi uthenga woti ife ana awo awiri tigawane. Amayi sankadziwa kanthu. Ndinausunga mtedzawo masiku anayi ndikuuyang'ana, kenako ndinapungula theka, ndinamanga pa chitenje, n'kukwera mabasi awiri mpaka ku Chelstone.

Mng'ono wanga anandiona ndikulowa pageti, anathamanga, anandilandira katundu, anagwada. Tinafunsana za amayi, za ana, za mtengo wa makala. Za tsiku lija palibe anazitchula. Chibale ndi fupa. Koma pawindo la kachipinda kakeko panali mabuku atatu, onse othothoka, atawamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Manja anga anayamba kuyabwa. Ndinapirira, ndinalephera.

"Msomali ulipo pano?"

Anakapempha kwa eni nyumba. Ulusi ndinasolola pa thumba lake la ufa. Ndili mkati moboola, maso ali pansi, ndinati, "Mayi wa nyumba ya alendo uja. Alamu ako akuti anakwatiwa ndi wa ngalawa."

"Anangokuuzani choncho?"

"Choncho."

"Aaa, alamu nawonso!" Anaimirira. Kachipindako kanali kochepa moti akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri, koma anaikamo nyanja yonse. Anakhala dokotala, atagwira chipewa pamimba, akulankhula ngati akuwerenga mankhwala. Anakhala wa ngalawa, wonyowa, wachibwibwi, akulephera kutulutsa mawu amene anabwera nawo. Anakhala mayiyo akutsika masitepe pang'onopang'ono, n'kuima pakati, n'kubwerera kukatenga makiyi a nyumba n'kuwamangirira m'chiuno kuti aliyense aone kuti nyumbayo sikupita kwa munthu. Pamenepo ndinakuwa, "Ndinanena ine!" Iye anati, "Munanena, akulu."

Ndinaseka mpaka m'nthiti kuwawa, koma kunsi kwa kusekako moto unali ukuyaka. Chifukwa kaimidwe kaja, kuima pakati pa mawu kuti womvera afe ndi ludzu, kuwomba m'manja kamodzi nkhani ikamakhota, zonsezo ndi zanga. Anazitengera pamsana panga. Ine ndili ndi pakamwa pokha. Iye ali ndi pakamwa panga ndi zilembo zomwe. Mpaka lero ndikaganiza zimenezo, nkhalamba ine, mtima umachita kuti thu.

Basi yoyamba inandisiya. Ndinafika ku Kabwata faifi itadutsa, n'kupeza bambo atadzitengera okha madzi, buku lili m'manja. Anatseka, chala m'kati.

"Munali kuti, amake mwana?"

"Ku Chelstone."

Chala chinatuluka. Buku analiika pansi, pa simenti, kutali ndi beseni, n'kutembenuza mpando wonse kuyang'ana kwa ine.

"Ali bwanji? Wanenepa? Akuwerenga chiyani masiku ano?"

Zinandilasa. Miyezi yonseyo ndikuvutika ndi nkhani za kumpopi chala osasuntha, lero dzina la malo lokha lachitulutsa. Ndikanatha kungoti ali bwino, n'kulowa m'nyumba kukayatsa mbaula. Ndinaganizadi zotero. Koma ndinaona makutu awiri onse ali kwa ine, ndipo ndinali ndi njala yawo.

Ndinakhala pansi. Sindinayambire ku Chelstone, iyayi. Ndinayambira pa basi yoyamba, pa kondakitala amene anakangana ndi mayi wonyamula nkhuku, ati nkhukuyo ilipire chifukwa yakhala pampando. Ndinawayendetsa m'tauni, ndinawaimika pamzere wa basi yachiwiri, ndinawakhazika pafupi ndi bambo wina amene ankagona paphewa panga. Anamvetsera zonse, anaseka zonse, chifukwa ankadziwa kuti kumathero kwa msewu kuli mlamu wawo. Pamene tinkafika pageti, madzi m'beseni anali atazizira kalekale ndipo sanazindikire. Kenako ndinawapatsa mayi wamasiye, monga anandipatsira mng'ono wanga, ndi zanga zoonjezera. Ndinamupatsa dokotala chimfine. Ndinamugwetsa m'matope potuluka.

"Zimenezo mulibe m'buku," anatero akupukuta maso.

"Kapena simunawerenge bwino."

Kuyambira mwezi umenewo, Loweruka lotsiriza la mwezi ndinkapita ku Chelstone. Bambo ankandipatsa buku limodzi loti ndimupatsire, iye n'kundipatsa lina lobwera nalo, ndipo asanandiperekeze ankaimirira n'kundisimbira limene wamaliza. Kunyumba kwathu sanabwererenso kudzakhala, ngakhale bambo anamupempha kawiri. Kuwerenga sindinaphunzire. Mng'ono wanga anayesa kutchulanso kamodzi zondiphunzitsa, ine n'kumuyang'ana, iye n'kusiya.

Masiku ena onse chala cha bambo chinkakhala m'buku, mpaka maso awo anafooka ndi ukalamba. Ola langa lathunthu ndinkalipeza kamodzi pamwezi, ndipo ndinkachita kukalitenga kwa mng'ono wanga, pa mabasi awiri, nditanyamula m'chitenje katundu amene sindinkatha kumuwerenga.